Masipika Ayang'ane Kunyanja

Ayi Tiwonge, si achibale athu. Wakhala ukundifunsa kuti mayi aja ogulitsa usipa ku Kande ndi ndani, kuti chaka chilichonse tikakolola ku Limphasa thumba loyamba la mpunga limakwera minibasi kupita kwa iwo, pomwe azakhali ako enieni amadikira lachiwiri. Tsiku lija ndinangoseka chifukwa tinali pamsewu, kondakitala akutikuwa. Ndiye ndati ndilembe, iwe ndi achimwene ako mudzawerenge. Sukulu yanga mukuidziwa kumene inathera, choncho ndilemba mmene ndimayankhulira. Zambiri zimene anthu ananena m'nkhaniyi ananena m'Chitonga, koma Chichewa ndi chimene ndinaphunzira kulemba. Komanso kuti umvetse za mpungawo, uyambe wamvetsa ntchito imene ndinkagwira, chifukwa inu mumangoti adadi ankaimba bandi, ngati kunali kusewera.

Chaka chimene ndinasiya nyanja

Bandi ndinailowa ndili wamkulu kale, ndevu zitamera. Ndinali m'gulu lokoka chilimila, ukonde waukulu uja wa usipa, koma chifuwa chinayamba kundivuta ndi mphepo ya pamadzi. Nthawi imeneyo Ada Kamanga anali ndi kashopu kokonza mawailesi pa Chintheche, ndipo kuseri kwa kashopuko ndi kumene bandi yawo inkaphunzirira. Ndinamva kuti akufuna munthu wa mapewa wonyamula masipika. Nditafika anandiyang'ana kuyambira kumapazi.

"Umamwa?"

"Pang'ono, Ada."

"Pang'ono wakoyo uzikamwera kwanu Lolemba. Malaya oyera uli nawo?"

"Alipo a kutchalitchi."

"Omwewo. Ukwati nawo unayambira kutchalitchi."

Sanandifunse ngati ndimadziwa kuimba. Ine ndinadabwa, koma patapita nthawi ndinazindikira kuti kwa iwo kuimba chinali chinthu chomaliza. Ankati oimba bwino ndi ambiri, m'bwato lililonse muli mmodzi, koma amene angafike pamalo alendo asanafike ndi ochepa. Ife tinkafika mipando isanayalidwe. Waya aliyense ankayesedwa anthu asanabwere, chifukwa Ada Kamanga ankadana ndi zomati "wanu, thuu, wanu, thuu" pamaso pa akwati. Sitinkadya akwati asanadye. Amalume oledzera akabwera kudzakoka malaya kuti imbani yakuti, tinkawamwetulira n'kuimba imene mkwatibwi anasankha. Ndipo nkhani ya malipiro ankaimaliza tsiku lopangana, pamaso pa ankhoswe a mbali zonse ziwiri, osati pa tsiku la ukwati anthu mitu itatentha. Sindinawaonepo akukangana ndi munthu pakhomo la holo. Koma pa malamulo onsewa, awiri ndi amene ankabwereza mpaka ife kumawanena tokha iwo asanamalize. Loyamba, ukavomera tsiku, ufike, kaya kukugwa mvula kaya mutu ukuwawa. Lachiwiri, usakhumudwitse mudzi umene ukuimbamo, chifukwa alendo amabwera n'kupita koma mudzi susamuka. Ine ndinkangoti inde Ada. Sindinkaganiza kuti malamulo awiriwa angadzakumane panjira imodzi n'kugundana mitu.

Besi ndinaiphunzira chifukwa choti woimba besi wathu anapita ku Joni osatsanzika. Ada Kamanga anangondipatsira gitala n'kuti zala zokoka chilimila sizingalephere mawaya anayi.

Zaka zimene ndinakwatira amayi ako

Apa ndiye panali kusowa. Waya wa gitala akaduka, wina ankapezeka ku Mzuzu basi, ndiye tinkasula chingwe cha buleki ya njinga n'kumangapo. Chinkalira ndithu, kungoti zala zinkatuluka magazi. Magetsi ankazima pakati pa perekaniperekani, anthu ali m'mizere akuvina kukaponya, ndiye jenereta inkayenera kukhala yokonzeka ndi mafuta ake. Mafutawo nawo panali nthawi ankasowa. Ada Kamanga ankabisa chigubu chimodzi pansi pa bedi, moti akazi awo ankadandaula kuti zofunda zonse zikununkha petulo. Galimoto tinalibe. Tinkapangana ndi a minibasi, masipika kumbuyo, ng'oma pamiyendo, ife titapanikizana ndi mabeseni a nsomba. Tikatsika, choyamba chinali kupempha madzi osamba m'manja ndi kusintha malaya kuseri kwa mtengo, kuti eni ukwati aone anthu a ntchito, osati anthu othawa nkhondo.

Amayi ako poyamba sankaiona ngati ntchito. Kwawo anthu ankati wakwatiwa ndi wa magitala, adzadya nyimbo. Koma anaona kuti Loweruka ndimabwera wosaledzera, ndipo malata a nyumba yathu yoyamba anachokera m'besi momwemo. Anasiya kuyankha anthu. Anayamba kusita okha malaya oyera aja.

Chaka chimene unabadwa iwe

Chaka chimenechi kunachitika zinthu ziwiri. Choyamba, loji ina ya ku Kande inatitenga kuti tiziimba Loweruka lililonse masana, kuphatikizapo maukwati ndi maphwando ochitikira pamenepo. Kwa munthu wa bandi imeneyi ndi ntchito yeniyeni, chifukwa maukwati a m'midzi amabwera nyengo yake, mvula ikayamba amatha, koma loji imakhalapo. Manijala wake anali Mayi Nkhoma, ochokera ku Zomba, munthu wachilungamo koma wa nthawi. Akati thuu koloko, ndi thuu koloko. Ine ndinkagwirizana nawo chifukwa n'zimene ndinakulira kwa Ada Kamanga.

Chachiwiri, Ada Kamanga anadwala sitiroko, dzanja lamanja linafooka. Anandiitana kunyumba kwawo, n'kundilozera makiyi a kuseri kwa kashopu kaja.

"Bandi ndi yako. Zipangizo uzidzandilipira pang'onopang'ono, sindithamanga, ukuona wekha kuti sindingathamange."

"Ada, alipo oimba bwino kuposa ine."

"Alipo. Koma iwe ndi amene umafika."

Ndinatenga makiyiwo ndili ndi mantha. Iwe unali wa m'manja, achimwene ako atayamba kumene sukulu, ndipo anthu ena anayi a m'bandi ndi mabanja awo ankayang'ana kwa ine tsopano. Loji ija ndi imene inkatigwira tonse.

Chaka chomwecho, nyengo ya mwera

Panali ukwati waukulu umene unakonzedwa pa lojipo Loweruka. Akwati anali ochokera ku Blantyre, abale awo anadzaza zipinda zonse. Lachisanu masana tinapita kukayala zipangizo monga mwa chizolowezi. Tikuyesa mawaya, tinamva kulira kuseri kwa mpanda wa loji. Kunayamba mawu amodzi a mayi, kenako ambiri. Mudzi uli pomwepo, ukaponya mwala kuchokera kukhitchini ya loji umagwera pakhomo la munthu. Yotamu, woimba ng'oma wathu, kwawo kunali komweko. Anaika timitengo pansi n'kutuluka. Atabwerera anati, "Ndi mkulu uja wosema mabwato. Ndi asibweni anga a kumbali ya amayi. Maliro ndi mawa."

Iwe ukudziwa mmene timachitira kuno. Maliro ali m'mudzi, sipalira wailesi, sipalira ng'oma, mpaka munthu ataikidwa. Palibe amene anazilemba penapake, koma ngakhale wa bala amatsitsa nyimbo. Ndiye ife mawa lake tinali oti tiyatse masipika akuluakulu, mtembo uli kuseri kwa mpanda.

Ndinapita kwa Mayi Nkhoma. Anali atamva kale.

"A Longwe, ndikumvetsa, nanenso kwathu kumagwa maliro. Koma anthu awa achoka kutali, akonzekera chaka chonse. Popanda bandi palibe perekaniperekani, ndiye ukwati wake uti? Bwana wanga akandifunsa ndiyankha chiyani?"

"Mayi, tikaimba, m'mudzimu sitidzapondamonso."

"Mukapanda kuimba, ndiitana wa disiko wa ku Nkhata Bay, amene sadziwa munthu kuno. Ndipo ndikamuitana mawa, mukudziwa kuti Loweruka linalo bwana adzati tipitirize naye yemweyo. Sindikukuopsezani, ndikungokuuzani mmene zilili."

Sankanama, ndipo sankandida. Kenako anati loji ipereka chipepeso, ndipite nacho ineyo m'mawa kwa akuluakulu a pamaliro, ndikapereke n'kupempha kuti atilole kuimba. Ine ndinaona ngati nzeru. Ndinaimbira foni Ada Kamanga kuti ndimve maganizo awo. Anati, "Zimenezi sizinandigwerepo. Ndinakupatsa makiyi, ndinakupatsanso zoterezi." Basi.

Loweruka m'mawa ndinavala malaya oyera, chipepeso cha loji chili m'thumba, mawu nditawakonza. Ndili pakanjira ka pakati pa chinangwa, ndinakumana ndi mayi wina atasenza ndowa ya madzi, nsalu atamanga m'chiuno monga amachitira ofedwa. Ndinkawadziwa nkhope chabe, ankayanika usipa pamathandala kufupi ndi loji. Ndi mayi a usipa ako aja. Sindinkadziwa kuti malemu ndi mlongo wawo.

"Iwe si wa magitala wa pa loji?"

"Ndine, Ama. Pepani ndi zovutazi."

"Yewu. Nanga dzanja lili m'thumba ngati wagwira mbewa, watenga chiyani?"

Ndinawafotokozera zonse, osabisa. Anatula ndowa pansi.

"Ndiye ukapereke chipepeso ndi dzanja ili, n'kupempha kuimba ndi dzanja linali. Mlongo wanga ukufuna kumugula ngati usipa wa pathandala?"

Sindinaganize choncho, koma atangonena ndinaona kuti aliyense pamaliropo akanaona chomwecho. Akuluakulu akanakana, ndipo akanakana mokwiya, chipepesocho n'kubwezedwa anthu akuona.

"Nanga nditani, Ama? Ndikapanda kuimba, ntchito yatha. Tili anthu asanu ndi ana athu."

"Ndikudziwa, Yotamu ndi mwana wathu, amadya momwemo. Tamvera. Chipepesocho bwezera eni ake, abwere nacho okha, ali ndi miyendo. Iwe bwera ngati munthu wa maliro. Chisipika chako chija chimene chimatisokosera Loweruka lililonse, bwera nacho kuno. Mkulu wa mpingo amene alalikire mawu ake ndi aang'ono, mwera ukuwomba, anthu a kumbuyo sadzamva kanthu. Akwaya nawonso uwathandize. Ndipo usapemphe chilichonse kwa munthu aliyense. Pakamwa potseka. Wamva?"

"Ndamva. Nanga aukwati?"

"Aukwati alibe ankhoswe? Kwawo ku Blantyre anthu samwalira? Pita ukayankhule ndi ankhoswe, osangoti manijala. Manijala amaopa bwana, ankhoswe amaopa manyazi."

Anasenza ndowa yawo n'kumapita. Sanandilonjeze chilichonse. Ndinaima pachinangwapo ndikuganiza kuti ndikachita zimenezi, zipangizo zikhala kumaliro nthawi imene zikufunika ku ukwati, ndipo akuluakulu akapanda kunena kanthu, ndataya zonse ziwiri. Komabe njira inayo ndinali nditaiona kale kuti ndi yoipa. Ndinabwerera ku loji.

Mayi Nkhoma sanasangalale. Anati ndikusewera ndi ntchito yawo ndi yanga yomwe. Koma anandilola kuonana ndi ankhoswe. Nkhoswe ya kuchimuna anali bambo wamkulu thupi, wa nthabwala. Atamva, anavula chipewa.

"Ndiye usiku wonse timamva nyimbo zija, ndi maliro? Ife timayesa kwaya ikukonzekera za mawa. Bwanji simunatiuze dzulo? Tikanavina pano mtembo uli apo, kwathu akanatiyesa anthu otani?"

Anagwirizana kuti akachoka kutchalitchi ayambe ndi zithunzi, chakudya ndi malangizo, zonse popanda sipika, ndipo bandi idikire mpaka maliro ataikidwa. Ankhoswe awiriwo ndi Mayi Nkhoma anayenda okha kukapepesa, atavala za ukwati zomwezo, n'kukhala pansi pamphasa ngati wina aliyense. Mayi Nkhoma pobwerera anandinong'oneza kuti, "Ikakwana folo musanabwere, ndikuimbira wa disiko. Nambala ndili nayo."

Tinanyamula sipika imodzi, maiki, kiyibodi ndi jenereta kudutsa pachinangwa paja. Jenereta tinaiika patali kuseri kwa khola kuti isasokose. Mkulu wa mpingo atayamba kuyankhula, ndinaona amayi a kumbuyo kwenikweni, pansi pa mitengo ya mango, akutukula mitu. Akwaya anaimba, mnzathu wa kiyibodi akuwatsatira pansipansi. Ine ntchito yanga inali kugwira waya kuti anthu asapunthwe. Sindinapemphe kanthu. Koma vuto linali loti mwana wamkulu wa malemu ankachokera ku Mzuzu, ndipo minibasi yake inafera panjira. Maliro sakanaikidwa iye asanafike. Dzuwa linapendeka, foni ikunjenjemera m'thumba mwanga, ndikudziwa kuti ndi Mayi Nkhoma. Kuseri kwa mpanda ndinkamva mafoloko akugunda mbale, kenako zii, kutanthauza kuti adya amaliza, akungodikira ife. Kangapo konse ndinafuna kudzuka kupita kwa akuluakulu. Ndikayang'ana kwa amayi, mayi aja ankandiyang'ana n'kupukusa mutu pang'ono.

Mwanayo anafika pa njinga yamoto, fumbi lili thupi lonse. Tinapita kumanda, tinaika. Titabwerera pakhomo, folo inali itadutsa. Anthu akusamba m'manja, ndinaona mayi aja akuyenda chogwada kupita kwa mkulu wa banja, n'kumuyankhula kukhutu. Mkuluyo anapempha maiki yanga yomwe. Anathokoza mpingo, anathokoza okumba manda, anathokoza alendo a ukwati amene anabwera kudzakhala nafe pansi. Kenako anati, "Anyamata a bandi atithandiza lero, aliyense wamva mawu. Malemu mukumudziwa, anali wovina malipenga, phwando la munthu sankaliletsa. Iye wagona. Anyamatawa apite akagwire ntchito yawo. Koma masipika ayang'ane kunyanja."

Tinathamanga ndi zipangizo pachinangwa paja ngati akuba. Yotamu ndinamuuza kuti atsale, ndi maliro a kwawo, ndipo gawo lake alandira ngati waimba. Titafika tinapeza Mayi Nkhoma foni ili kukhutu. Atationa anaitsitsa. Wa disiko anali atamuimbira ndithu, kungoti anali asanapeze galimoto. Tinatembenuza masipika kuloza kumadzi, n'kuimba popanda ng'oma, besi yanga ndi imene inkagwira ntchito ya Yotamu. Nkhoswe ija inavina kutsogolo kwa mzere, ikudutsa pafupi nane n'kuti, "Achimwene, ng'oma mwaiika limodzi ndi malemu?" Perekaniperekani anachitika, ngakhale anafupika. Amayi ake a mkwatibwi sanatiyankhule mpaka kunyamuka, ndipo sindiwanena, mwana wawo anadikira nthawi yaitali atavala velo.

Usaganize kuti zinathera pokoma pokhapokha. Bwana wa loji atamva, anati bandi yochedwa ipume kaye. Mwezi wathunthu Loweruka kunkalira disiko, ife tili pakhomo. Amayi ako anagulitsa mbuzi. Kenako Mayi Nkhoma anandiimbira okha, akuti alendo akufunsa bandi, komanso anthu a m'mudzimo ogwira ntchito pa lojipo akhala akuwauza tsiku ndi tsiku kuti atibweze, mpaka atopa nazo. Titakhala pansi ndinawauza kuti ndibwerera, koma tigwirizane chinthu chimodzi pasadakhale: kukagwa maliro pafupi, bandi imadikira mpaka aike, ndipo aliyense wofuna ukwati pano aziuzidwa zimenezi tsiku lopangana. Anaganiza pang'ono n'kuti, "Zikanakhala choncho poyamba, sindikanatuluka thukuta tsiku lija." Kuyambira pamenepo, kulikonse kumene ndinkapangana ntchito, kaya ku Chintheche, kaya ku Bandawe, ndinkanena mawu amenewa pamaso pa ankhoswe, limodzi ndi za malipiro ndi za mafuta a jenereta. Ena ankaseka kuti a Longwe mukuitana maliro. Koma zinachitikanso kangapo, ndipo sipanakhale mkangano, chifukwa aliyense ankadziwa kale chochita. Nditawafotokozera Ada Kamanga, anati, "Limenelo ndi lamulo lachitatu. Ndi lako, ine ndinalibe."

Lero

Pa loji ija tinaimba zaka zambiri, mpaka khutu langa lamanzere linatseka chifukwa choima pafupi ndi sipika. A kuchipatala anati ndikapitiriza, linalo litsatira. Ndinapereka makiyi kwa Yotamu, monga Ada Kamanga anandipatsira ine. Munda wa ku Limphasa ndinaupeza ndi za bandi, sukulu yanu yachokera momwemo, ndipo ndikamayenda ku Kande anthu amandipatsa moni ndi manja awiri. Sindinatchuke, pa wailesi simunandimvepo, koma sindidandaula. Nthawi zina ndimaganiza kuti ndikanadutsa pakanjira kaja mofulumira pang'ono, kapena mayi a usipa aja akanachedwa kumjigo, ndikanafika kwa akuluakulu aja dzanja lili m'thumba. Mundawo sukanakhalapo.

Mpunga woyamba nditapita nawo, anandifunsa kuti ndi wa chiyani. Ndinati ndi wa tsiku lija. Anati, "Ine ndinangofuna kuti anthu amve ulaliki pa maliro a mlongo wanga, iwe unali ndi chisipika basi." Koma thumba analandira, ndipo chaka chilichonse likangochedwa amatumiza uthenga kwa Yotamu kuti wa magitala wamwalira kodi.

Ndiye chaka chino upita nalo ndiwe. Ukatsike pa siteji ya Kande, ulowe kanjira ka kumathandala. Ukafika ugwade, upereke moni wa kwathu, usati "mayi a usipa" ngati mmene umanenera kunyumba kuno. Dzina lawo ndi Ama Esnati NyaMphande.